Kuchoka ku Blantyre kupita ku Blantyre: milungu iwiri ku Scotland

Loweruka, 2 Novembala 2024

Ndikulemba nditakhala pansi pa matailosi pa bwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa. Mipando yonse ili ndi eni ake, ndipo soketi yokhayo yotchajira foni imene ndapeza ili pafupi ndi khomo la chimbudzi. Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti, "Madamu, mwapeza ntchito kunja?" Ayi ndithu, abale, pa 15 ndikhala nditabwerako. Ndikupita ku University of Glasgow pa mgwirizano wosinthana aphunzitsi ndi ophunzira. Ine ndikakhala milungu iwiri, koma mnyamata amene ndatsagana nayeyu, wophunzira wathu wa digiri yachiwiri, akatsala komweko miyezi itatu.

Kwa amene simundidziwa, ntchito yanga ndi ya mu labu. Zaka 16 ndakhala ndikusuzumira magazi a anthu pa maikulosikopu, makamaka kusaka tizilombo ta malungo, ndipo masiku ano ndimaphunzitsanso ana asukulu ntchito yomweyi.

Ulendo uno unatsala pang'ono kufera m'mazira. Mapasipoti athu anatuluka Lachitatu, kutangotsala masiku atatu. Mapepala amene tinapereka pofunsira viza akanatha kuyatsira mbaula mlungu wathunthu: kalata yotiitana, kalata ya abwana, masitetimenti a ku banki, setifiketi ya ukwati, zonsezo kuti titsimikize chinthu chimodzi, choti tidzabwerera kwathu. Ine zinandiphwekerako chifukwa ndili ndi banja ndi ntchito. Mnyamatayu alibe mkazi, alibe nyumba, ngakhale njinga yakapalasa alibe. Milungu yodikirayo anachita kuwonda. Kenaka nkhani ya mafuta: bambo a kunyumba anagona pa mzere usiku wa Lachinayi kuti apeze malita otifikitsa ku Chileka.

Mayi ake a mnyamata anachita kuchokera ku Thyolo kudzamuperekeza, atanyamula ufa woyera m'thumba la shuga ndi botolo la Nali. Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Amayi, mwanayu ndasiya m'manja mwanu. Akadzabwera ndi mzungu, ndidzafunsa inuyo."

Lamulungu, 3 Novembala

Usiku wonse mlengalenga mpaka London, kenaka ndege ina yaing'ono ya ola limodzi ndi mphindi zochepa kufika ku Glasgow. Nthawi ya kuno ili m'mbuyo ndi maola awiri. Kunja kuli kamvula kowaza, chiperoni chenicheni cha ku Mulanje, koma akuti kuno sichidikira Juni, chimabwera tsiku lililonse chimene chafuna. Pofika 5 koloko madzulo kunali kutada bii.

Chingerezi ndinakhoza bwino ku MSCE, ndipo ndimaphunzitsa m'Chingerezi. Koma dalaivala wa basi nambala 500 yochokera ku bwalo la ndege atandiyankhula, ndinangomva phokoso ngati la chigayo. Ndinacheukira mnyamata, nayenso ali kukamwa yasa. Tinangoonetsa foni pamene panalembedwa kumene tikupita.

Anatichingamira m'tauni ndi mayi wina wofufuza amene anakhalapo ku Blantyre zaka zingapo. Mawu ake oyamba anali akuti, "Takulandirani, mwayenda bwanji?" ndipo mtima unakhala pansi. Tikugona m'dera la Partick, mtunda woyenda wapansi kukafika ku yunivesite. Kapu ya tiyi pa kanyumba kena ka m'mbali mwa msewu ndi mapaundi atatu, kupitirira K6,000 ngakhale pa mtengo wa ku banki. Ndalumbira kuti kuyambira mawa ndisiya kuwerengetsa m'makwacha, ndingafe ndi njala.

Lolemba, 4 Novembala

Yunivesite iyi inayamba m'chaka cha 1451. Werenganinso chakacho. Ya kwathu yoyamba inatsegulidwa mu 1965. Chinyumba chachikulu cha pa phiri la Gilmorehill, chokhala ndi nsanja yosongoka ngati tchalitchi, anasamukiramo mu 1870, kutatsala zaka zisanu ndi chimodzi kuti amishoni afike kudzamanga misasa pamene lero timati Blantyre.

M'mawa wonse wathera ku zolembetsa: khadi lotsegulira zitseko, pasiwedi ya kompyuta, maphunziro a chitetezo cha mu labu. Khadi limenelo lili ndi mphamvu kuposa kiyi wa nyumba. Mnyamata atangolowa pa kompyuta ya ku laibulale, anapeza kuti nkhani za kafukufuku zimene kwathu amazisaka popempha anzake a kunja kuti amutumizire, kuno zikutseguka zokha. Anakopera zoposa 40 asanadye nkhomaliro. Ndinachita kumukoka.

Chimene chandikhudza lero ndi dzina limodzi. Aliyense wa mu labu amadziwa utoto wa Leishman, umene timathira pa magazi opakidwa pa galasi kuti maselo aoneke. Ndagwira botolo limenelo kambirimbiri osaganizapo kuti Leishman anali munthu wa miyendo iwiri. William Leishman anabadwira mumzinda muno mu 1865 ndipo udokotala anauphunzira pa yunivesite yomwe ino. Joseph Lister, amene anayambitsa zotsuka mabala ndi zipangizo za opaleshoni ndi mankhwala opha tizilombo, nayenso anali pulofesa pano. Kuyenda m'makonde a pano kuli ngati kuyenda m'buku limene unaliloweza pokonzekera mayeso.

Pali nyumba ina yatsopano yophunziriramo yotchedwa dzina la James McCune Smith, munthu wakuda wa ku America amene sukulu za kwawo zinamukana chifukwa cha khungu, n'kudzatenga digiri ya udokotala pano mu 1837. Mayi wotilandira uja sanafune kuti tingomva zokoma zokhazokha. Anatiuzanso kuti mu 2018 yunivesite inafufuza mbiri yake n'kuvomera poyera kuti inalandirapo chuma chochokera ku malonda a akapolo, ndipo chaka chotsatira inagwirizana ndi University of the West Indies kuti ipeze mapaundi 20 miliyoni a kafukufuku wochitira limodzi. Ndinaganiza za Nkhotakota ndi Jumbe, koma ndinangosunga mumtima.

Madzulo anatifotokozera ubale wa pano ndi kwathu. Ambiri timadziwa kuti mu Novembala 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, mtsogoleri wa boma la Scotland pa nthawiyo, anasainirana mgwirizano wa Malawi ndi Scotland, ndipo mu 2018 Peter Mutharika ndi Nicola Sturgeon, amene ankatsogolera Scotland chaka chimenecho, anawukonzanso. Zimene sitimva kawirikawiri ndi zipatso zake. Ku Kamuzu University of Health Sciences kuli labu ya kafukufuku yotchedwa Blantyre-Blantyre, yomangidwa mothandizana ndi a pano. Kulinso MalDent: mpaka 2019 munthu wofuna kukhala dokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, koma chaka chimenecho maphunzirowa anayamba ku Blantyre, ndipo pofika Novembala 2024 gulu loyamba linali litatsala pang'ono kumaliza.

Lachiwiri, 5 Novembala

Lero ndaona tizilombo ta malungo toweta. Inde, toweta, ngati nkhuku. Amatisunga m'timabotolo ta magazi a anthu, m'kabati yotentha madigiri 37, n'kumatisinthira chakudya tsiku ndi tsiku. Mtundu umene ma labu ambiri padziko amagwiritsa ntchito umatchedwa 3D7, ndipo kholo lake linatengedwa mwa wodwala wina amene ankakhala pafupi ndi bwalo la ndege la Amsterdam. Kachilombo kamene kamapha ana ku Chikwawa, kuno ali nako pa ndandanda ya ntchito: wakuti adyetse Loweruka, wakuti Lamulungu.

Makina ali pano sindingathe kuwatchula onse. Chimene ndasirira kwambiri si makinawo ayi, koma kuti akawonongeka amaimba foni ndipo wokonza amabwera mlungu womwewo. Ife tonse a mu labu timawadziwa manda a makina, kachipinda kaja kodzaza ndi zipangizo zamphatso zimene zinafa chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi.

Usiku kunayamba kuphulika zinthu mbali zonse. Mnyamata anagogoda pachitseko changa maso ali tong'o. Tinafunsa mwini nyumba, ndipo anaseka n'kutiuza kuti pa 5 Novembala amaphulitsa makombola a chisangalalo pokumbukira chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ku London chimene chinalephereka mu 1605.

Lachitatu, 6 Novembala

Usiku wathawu sindinagone bwino. Pa pulogalamu analemba kuti lero ndiphunzitsa ophunzira awo a digiri yachiwiri kuyeza malungo pa maikulosikopu. Mumtima ndinkati, anthu oweta tizilombo m'botolo, okhala ndi makina owerenga majini, ine wa ku Chilomoni ndikawauza chiyani? Ndinkaganiza kuti andiikapo pongofuna kundilemekeza, monga timachitira ndi mlendo pa ukwati pomupatsa mawu.

Ndinabwera ndi kabokosi ka masilaidi 50 ophunzitsira, opakidwa utoto kale, opanda mayina a anthu, ndi makalata ake onse a chilolezo. Ndinawagawa. Ophunzira analipo ochokera ku Scotland konkuno, ku India, ku China, ku Nigeria. Ndinawauza kuti adontheze mafuta, atsitse lenzi ya 100, andiuze chimene akuona.

Panapita mphindi khumi kuli zii. Kenaka mtsikana wina anakweza dzanja mosangalala kuti wapeza kachilombo. Nditasuzumira, kanali kapuleteleti, kaselo kakang'ono kothandiza magazi kuundana, kokhala pamwamba pa selo lofiira, msampha umene umakola wophunzira aliyense wa chaka choyamba kwathu. Wina anaona kachitsotso ka utoto n'kukatcha malungo. Mnyamata wina wanzeru zedi, amene dzulo anandifotokozera za majini a kachilomboka mpaka mutu wanga unazungulira, anali asanaonepo magazi a wodwala weniweni. Tizilombo take ta m'botolo timakhala tambirimbiri, taukhondo, toonekera patali. Pa magazi a mwana wa ku Ndirande amene wamwa kale theka la mankhwala kunyumba, ukhoza kuyendayenda pa silaidi mpaka khosi kuwawa usanapeze kachilombo kamodzi kooneka ngati kamphete.

Apa m'pamene thukuta linauma ndipo ndinayamba kuphunzitsa monga ndimachitira kwathu. Kusiyana kwa dontho lochindikala ndi lopyapyala: loyambalo limakuuza ngati tizilombo tilipo ndi kuchuluka kwake, lachiwirilo limakuuza mtundu. Chifukwa chake madzi osungunulira utoto wa Giemsa ayenera kukhala pa pH 7.2, ndi mmene silaidi imaonekera ukaphonya. Kawerengedwe ka tizilombo poyerekeza ndi maselo oyera 200. Nditawaonetsa gametocyte ya falciparum, maonekedwe opindika a kachilombo ka malungo oopsa kakafika pa msinkhu wotengedwa ndi udzudzu, ndinati, "Iyi ndi nthochi," ndipo kalasi yonse inaseka, koma palibe amene adzaiwale. Wathu wa ku Thyolo uja ankayenda benchi ndi benchi kuwakonzera lenzi, mapewa atakwera.

Wina anafunsa funso labwino: bwanji tikuvutikabe ndi maikulosikopu pamene kuli timapulasitiki toyezera msanga tija? Ndinayankha kuti timapulasitikito tapulumutsa anthu ambiri m'zipatala zazing'ono zopanda magetsi, koma sitikuuza kuchuluka kwa tizilombo, ndipo timatha kuonetsabe kuti munthu ali ndi malungo patapita milungu atachira. Komanso ku Eritrea ndi ku Ethiopia kwapezeka tizilombo topanda puloteni ya HRP2 imene timapulasitiki tambiri timafufuza, choncho wodwala amauzidwa kuti alibe malungo ali nawo. Zikatero umabwerera ku diso la munthu.

Kalasi ya maola awiri inatha maola atatu ndi theka. Potuluka pulofesa wina wachikulire anandifunsa ngati masilaidiwo ndingawasiye. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mwambi umenewu moyo wanga wonse ndimaunenera azungu obwera kwathu. Sindinaganizepo kuti tsiku lina mlendoyo n'kukhala ine.

Lachinayi, 7 Novembala

Chimfine. Ndakhala m'nyumba theka la tsiku ndi madzi a mandimu. Masana ndinakwera sitima yawo ya pansi pa nthaka, imene imangozungulira masiteshoni 15 n'kubwerera pomwe unakwerera, choncho ngakhale wa chimfine sangasochere. Ndaona kuti kunonso kuli chipatala chachikulu chotchedwa Queen Elizabeth. Ndatumiza chithunzi cha chikwangwani kwa anzanga a ku Gulupu.

Lachisanu, 8 Novembala

Lero kunali msonkhano umene ndinadzera kwenikweni, wokambirana za mmene kusinthana ophunzira kuyendere zaka zikubwerazi. Abwana anga analowa pa Zoom kuchokera ku Blantyre, ndipo magetsi sanatichititse manyazi.

Mawu akuti kusinthana ndi okoma. Amamveka ngati msika wa kale, iwe nyemba ine chimanga. Koma tiyeni tiwerengetse. Wophunzira udokotala wa ku Britain akafuna kudzaona ntchito m'chipatala cha kwathu kwa milungu ingapo, amasunga ndalama za ganyu ya patchuthi, n'kugula tikiti. Mu Febuluwale 2024 anamuchotsera n'komwe viza yolowera m'Malawi. Ndalama imene kwawo ndi ya lendi ya mwezi umodzi, kwathu imamudyetsa, kumugoneka, n'kutsalako yokaonera nyanja ku Cape Maclear. Wathu kuti abwere kuno, viza yokha ya mlendo inali mapaundi 115 mu 2024, osabwezedwa akakukana. Akakhala wopitirira miyezi isanu ndi umodzi ayambe wakayezetsa TB. Tikiti ndi mamiliyoni, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ngakhale ndalamazo ukhale nazo, kupeza mapaundi ku banki ndi nkhani ina. Mwana wa ku Scotland salipira fizi pa digiri yoyamba m'mayunivesite a kwawo, pamene wochokera kunja amalipira ndalama zoti kwathu n'kumanga nyumba. Ndiye pa mlatho umenewu, ochokera mbali imodzi amawoloka ndi miyendo yawo, a mbali inayo mpaka wina awabereke.

Ndiyamikire kuti amene anayambitsa nkhaniyi ndi eni akewo, ine ndisanatsegule pakamwa. Ndinangowonjezera zimene iwo sakanaziona ali kuno. Mlendo wophunzira akabwera kwathu, pamafunika munthu womuyang'anira, womumasulira zimene wodwala akunena, womuonetsa pokwerera minibasi. Munthu ameneyo ndi namwino kapena wa mu labu amene ali kale ndi mzere wa odwala mpaka panja. Nthawi yakeyo siilembedwa mu bajeti iliyonse.

Ndinawauzanso nkhani yanga ina yakale. Zaka zapitazo kunabwera gulu lina la ofufuza ochokera dziko lina, sinditchula. Miyezi isanu ndi itatu ndinkawerenga masilaidi awo, nthawi zina mpaka usiku. Lipoti litatuluka m'magazini ya sayansi, mayina analipo asanu ndi anayi, ndipo ife tinali m'chiganizo chimodzi chakumapeto chothokoza "ogwira ntchito mu labu". Nditamaliza kunena, m'chipindamo munangoti zii, mpaka ndinadzifunsa ngati ndalakwitsa. Pulofesa wachikulire uja ndiye anati zoterezi zilembedwe mu mgwirizano momveka, kuti nkhani ya mayina izikambidwa kafukufuku asanayambe.

Zina zimene tagwirizana kuti zipite kwa akuluakulu a mbali zonse: ndalama zina zimene alendo amalipira pobwera kwathu zizisungidwa padera kuti zizitumiza wathu kuno, wophunzira aliyense azikhala ndi omuyang'anira awiri, wa kuno ndi wa kwathu, ndipo zoyeza zimene zingatheke ku Blantyre zizichitikira ku Blantyre, m'malo monyamula magazi kuwoloka nawo nyanja. Mfundo yomalizayi ndi imene ndinaikakamira. Magazi akapita, luso limapitanso nawo. Ngati zonsezi zidzatsatidwe, tidzaona. Mapepala osainidwa ndawaonapo ambiri, ena ali m'mafelemu.

Loweruka, 9 Novembala

Kugula tikiti ya sitima n'kunena kuti "Blantyre" uli ku Ulaya, zimachititsa kaseko. Kuchokera ku Glasgow Central ndi mphindi 20 zokha. Ndinajambulitsa pansi pa chikwangwani cha pa siteshoni n'kutumizira ana kuti ndafika, abwere adzanditenge. Wamng'ono anakhulupirira.

Blantyre wa kuno ndi katauni kakang'ono kofatsa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Limbe yokha ikhoza kukameza. Nyumba imene David Livingstone anabadwiramo pa 19 Malichi 1813 ikadalipo, yoyera, yosanjikizana, yotchedwa Shuttle Row. Munkakhala mabanja a anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi. Nditalowa m'chipindacho ndinakumbukira nyumba za lendi za ku Mbayani. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pa fakitale, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupita ku sukulu. Mu 1836 anayamba kuphunzira udokotala ku Anderson's College mu Glasgow, imene pambuyo pake inadzakhala University of Strathclyde, yomwe yakhala pa ubale ndi Poly yathu, MUBAS ya lero, kwa zaka zambiri. Ku pulayimale anatiphunzitsa za mzungu wamkulu wotulukira nyanja mu 1859. Za mwana wosauka wa sukulu ya usiku sanatiuze.

Nyumbayi anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021, ndipo tsopano ikufotokozanso za anthu akuda amene ankayenda naye. Ndinaima nthawi yaitali pa nkhani ya Chuma. Anali mnyamata wa Chiyao amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 kumapiri a kwathu konkuja. Mu 1864 Livingstone anapita naye ku India n'kumusiya pa sukulu ya mishoni ku Bombay. Pambuyo pake ndi iyeyo, pamodzi ndi Susi ndi anzawo, amene ananyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873 mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Ndinauza mnyamata wathu kuti, "Ukuona? Si iwe woyamba kupita kunja kukaphunzira." Iye anati, "Koma Madamu, iyeyu viza sanavutike nayo."

Pa sitima pobwerera tinakambirana za kaodzera, matenda amene iye akufufuza. Kachilombo kake kamatchedwa dzina la David Bruce, amene anaphunzira ku Edinburgh ndipo anatsogolera gulu lofufuza matendawa ku Nyasaland kuyambira 1911. Mpaka lero kashembe akulumabe anthu ozungulira Vwaza ndi Nkhotakota. Koma mankhwala akumwa a fexinidazole, olowa m'malo mwa jakisoni woopsa wakale uja, anayesedwa pa odwala ku Rumphi ndi ku Uganda, ndi madokotala a komweko. Mnyamatayu akufuna kuphunzira kuno njira zoyezera majini a kachilomboka kuti azikazichita kwathu.

Lamulungu, 10 Novembala

Ndinapita ku tchalitchi cha Church of Scotland chapafupi. Chinyumba chachikulu, anthu ochepa, ambiri a imvi. Lero linali tsiku lokumbukira asilikali, aliyense atavala kaduwa kofiira, ndipo pa 11 koloko tinakhala chete mphindi ziwiri monga zimachitikira pa chipilala cha ku Zomba. Nyimbo ziwiri zinali za maimbidwe omwe aja a ku CCAP. Ine ndinaimba m'Chichewa chapansipansi. Gogo wina amene ndinakhala naye pafupi atamva kumene ndachokera anandiuza kuti mpingo wawo unkagulitsa mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, ndipo sukulu ya mdzukulu wake imasonkhera phala la Mary's Meals. Kuno ukati Malawi sayamba afunsa kuti ili kuti.

Masana tinaitanidwa kwa Amalawi ena. Nsima, nkhuku, nyemba, mpiru wogula ku sitolo ya amwenye. Ufa wa ku Thyolo uja unalandiridwa ndi nthungululu. Munali anamwino, osamalira okalamba, ophunzira a PhD awiri, ndi achimwene ena amene anabwera kudzachita digiri yachiwiri zaka zambiri zapitazo n'kukhazikika.

Mkangano unabuka tikusamba m'manja. Wina anafunsa mnyamata wathu ngati adzabwerere, ndipo asanayankhe achimwene aja anati, "Mphwanga, usapupulume. Ine ndinabwerera ndi digiri yanga, ndinakhala chaka ndi theka ndikuyenda ndi envelopu." Mlongo wina namwino anati ndalama imene amatumiza mwezi uliwonse ikuphunzitsa ana anayi kumudzi, ndiye wothandiza dziko ndani, iye kapena amene anatsala? Wa PhD mmodzi anakumbutsa kuti sikolashipu ngati Chevening imakulamula kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri, ndipo Malawi ili pa mndandanda wa mayiko amene Britain saloledwa kukakopako anthu a zaumoyo, ngakhale munthu payekha akhoza kufunsira ntchito.

Ndinabwera ndi yankho langa lokonzakonza, loti dziko limamangidwa ndi eni ake. Koma unganene bwanji zimenezo kwa munthu amene wakuphikira nsima, ndipo zimene akunenazo ukudziwa kuti n'zoona? Ine ndawaona ana anga akhoza bwino akugulitsa ma yunitsi. Chimene ndinanena n'chakuti kutumiza mwana kunja popanda kumukonzera benchi, makina ndi malipiro oti adzabwerereko kuli ngati kufesa nazale ulibe dimba. Achimwene aja anagwedeza mutu n'kundiwonjezera nyemba.

Lachiwiri, 12 Novembala

Edinburgh, mphindi 50 pa sitima. Mzinda wokongola, wa zitunda ngati Zomba, wamphepo yolasa m'mafupa. Tinadutsa pa City Chambers pamene pali maofesi a Scotland Malawi Partnership, bungwe lolumikiza masukulu, mipingo, zipatala ndi mayunivesite amene ali pa ubale ndi kwathu. Kamuzu anadzaphunzira mumzinda uno atamaliza udokotala ku Meharry ku America, chifukwa ankafuna mapepala a ku Britain kuti akagwire ntchito kwawo. Anawapeza mu 1941, koma kwawoko anakafika pa 6 Julaye 1958. Ndinamuuza mnyamata kuti zaka 17 zimenezo asatengere.

Lachinayi, 14 Novembala

Sutikesi yatsekedwa movutikira. Muli majuzi a ana a m'sitolo za kaunjika wa kuno, mabotolo awiri a mafuta a maikulosikopu, ndi mapaketi a timapiritsi ta pH 7.2 timene a mu labu anandipatsa nditawauza kuti kwathu tikatha timadikira miyezi. Kabokosi ka masilaidi katsala, titalemberana kaye makalata ndi abwana kunyumba. Pa chivundikiro alembapo dzina la koleji yathu, ndipo akuti chaka chamawa akufuna kalasi ija ichitikenso, mwina pa intaneti, ophunzira awo ndi athu nthawi imodzi.

Dzulo mtsikana wa kapuleteleti uja anandipeza pa khonde. Akufuna kudzabwera ku Blantyre chaka chamawa, ndipo amafunsa chimene angatibweretsere. Ndinamuuza kuti ayambe waphunzira kupereka moni ndi kufunsa kuti "mukumva bwanji m'thupi", ndipo akabwera adzakhale pa benchi miyezi iwiri, osati milungu iwiri ndi ulendo wa ku nyanja. Analemba zonse m'kabuku.

Mnyamata wandiperekeza mpaka pokwerera basi ya ku bwalo la ndege. Wagula kale chipewa cha ubweya, ndipo dalaivala atamuyankhula wayankha bwinobwino, ine osamvabe kanthu. Ufa watsala theka. Ndamuuza kuti Lamulungu lililonse aziimbira mayi ake, ndipo lipoti la mwezi woyamba lindipeze pa 5 Disembala, chisanu si chifukwa. Basi itayamba kuyenda anathamangira pa zenera n'kukuwa kuti, "Madamu, mukawauze amayi kuti mzungu sindinamupeze!"

Bambo a kunyumba alemba kuti mafuta apeza, ndipo kumwamba kwayamba kuchita mdima cha ku Mpemba. Akufunsa ngati mbewu agule ya chaka chatha yomwe ija. Ndege ya ku London inyamuka 2 koloko.